Kabudula Woyera pa Fumbi la Karonga

Munthu wochokera ku Mzuzu akatsika mapiri a Chiweta, mtima uli m'mwamba chifukwa cha makhotakhota a msewu, makutu ndi amene amayamba kumuuza kuti walowa dziko lina. Pa Chilumba ndi pa Uliwa anthu akupatsana moni m'Chitumbuka. Kupitirira Nyungwe ndi Mlare, "yewo" uja amayamba kusinthana ndi "ndagha" wa Ankhonde. Mumsika wa pa boma, mayi wogulitsa mpunga wa Kilombero atha kukuyankhani m'Chichewa, n'kutembenuka kukalipira mwana m'Kyangonde, kenako n'kunenerera mtengo wa chitenje m'Chiswahili kwa mnyamata wochokera ku Kyela. Kumpoto, cha ku Kaporo ndi ku Songwe kumene mlatho umalumikiza Malawi ndi Tanzania, kumamveka Chinyakyusa, ndipo otsika kuchokera kumapiri a Chitipa amabwera ndi Chindali, Chilambya ndi Chisukwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 365,000 m'boma limeneli, opanikizana pa kachigwa kakang'ono pakati pa nyanja ndi mapiri.

Mawu akuti nyimbo zimagwirizanitsa anthu timawamva pa msonkhano uliwonse umene pali mlendo wolemekezeka ndi gulu lovina. Amanenedwa mosavuta ngati moni, ndiye palibe amafunsa kuti zimatheka bwanji, pakati pa anthu ati, nanga zimakanika liti. Karonga ndi malo oyenera kufunsirapo, chifukwa kusiyana kwa anthu kumeneko kumapitirira pa zilankhulo. Pali magazi amene anakhetsedwa, ndipo malo amene anakhetsedwerapo akadalipo ndi mayina awo omwewo.

Ufumu wa Kyungu, umene likulu lake lakale linali pa phiri la Mbande, wakhalapo zaka pafupifupi 400. Ankhonde anali anthu a ng'ombe ndi nthochi, okhala m'midzi yaukhondo imene alendo oyamba a ku Ulaya anaiyamikira kwambiri. Cha m'ma 1880 kunafika Ahenga, anthu olankhula Chitumbuka amene ankathawa goli la Angoni, ndipo anapatsidwa pokhala. M'zaka zomwezo kampani ya African Lakes, ija ambiri timaidziwa kuti Mandala, inatsegula sitolo pa Karonga mu 1884, ndipo amalonda a minyanga ndi akapolo otsogozedwa ndi Mlozi anamanga malinga awo cha ku Mpata. Mu 1887 Mlozi anaukira Ankhonde, ndipo ena mwa Ahenga, alendo olandiridwa aja, anamenya nkhondo kumbali yake. Pa dambo la Kambwe, anthu amene anabisala m'mabango anawayatsira moto. Othawa moto anakumana ndi mfuti ndi mikondo, olowa m'madzi anakumana ndi ng'ona. Nkhondoyo inakoka mpaka Disembala 1895, pamene asilikali a Harry Johnston anagumula linga la Mlozi ndi kumunyonga. Pambuyo pake mishoni ya Livingstonia itafalitsa sukulu, Ahenga ndiwo anathamangira maphunziro n'kukhala aphunzitsi ndi akalaliki, Chitumbuka chinalowa m'kalasi ndi pa guwa, ndipo Ankhonde anayamba kudandaula kuti chilankhulo chawo chikukankhidwira kunja m'dziko lawo lomwe. Wofuna kumva bwino mbali ya Ankhonde awerenge buku la Owen Kalinga la 1985 lonena za ufumu wawo.

Bala limenelo lisanapole, panabweranso nkhondo ya eni ake. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Germany ochokera tsidya la Songwe anaukira boma la Karonga ndipo anabwezedwa ndi a King's African Rifles. Mbali zonse ziwiri, ambiri mwa ogwira mfuti ndi ofa anali anthu akuda. Imfa za ku Karonga zimenezi ndi zimene zinachititsa John Chilembwe kulembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yake yofunsa chifukwa chimene amphawi ankafera nkhondo yosakhala yawo. Mu 1916 gulu la General Northey linanyamukira dera lomweli polowa m'dziko la German East Africa, ndipo popeza misewu yodutsa galimoto inali yochepa, katundu wambiri anayenda pamutu pa anthu. Amalawi pafupifupi 200,000 anagwidwa utengatenga pa nkhondo imene agogo athu anaitcha ya Chiwaya. Ayao, Achewa, Angoni, Atonga, Alomwe, ambiri mwa iwo anadutsa pa Karonga, atamangidwa ndi njala imodzi ndi chikoti chimodzi.

M'chipwirikiti chimenechi ndi mmene munatuluka gule amene lero Karonga amadzitama naye. Ankhonde amamutcha mapenenga. Amuna amavala kabudula woyera, malaya oyera, masokosi aatali ofika m'mawondo ndi nsapato zosamalidwa bwino. Ena amamanga tayi, ena amavala chipewa cha nthenga, ndodo kapena kampango kali m'manja. Amaima m'mizere ngati pa perete. Ng'oma yaikulu imagunda mosathamanga, ndipo mtsogoleri akaimba wenzulo mzere wonse umatembenuka pamodzi. Mulibe kupondaponda kwaukali kwa ingoma, mulibe liwiro la Gule Wamkulu. Luso lake lili pa kudekha: kunyamula phazi mochedwa, kuliika pansi mwaulemu, kuweramira uku ndi uku ngati munthu amene sanasenzepo katundu wa wina chibadwire, ndi kutuluka m'bwalo la fumbi kabudula akadali mbee.

Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, anatsata mizu ya magule a mtundu umenewu mpaka ku matauni a Aswahili a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Dzina lakuti beni linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba malipenga a mkuwa. M'dziko la German East Africa munali magulu awiri opikisana, Marini ndi Arinoti, okhala ndi nthambi m'matauni ambiri. Nkhondo ya Chiwaya inatenga gule wa m'tauni ameneyu n'kumumwaza m'midzi kudzera mwa asilikali ndi atengatenga obwerera kwawo, ndipo paliponse pamene anafika anasintha dzina ndi kavinidwe. Pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba anakhalabe beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma ndi malipenga. Ku Kasungu, Dowa, Ntchisi mpaka ku Lundazi m'Zambia ndi mganda, ndipo tsidya la nyanja ku Mbamba Bay, amuna a kabudula woyera amavinanso mganda. Ku Kyela, kungowoloka Songwe, Anyakyusa amati mang'oma. Ku migodi ya Copperbelt anadziwika ndi dzina lakuti kalela. Popeza malipenga a mkuwa analibe, ovina malipenga ndi mganda anatenga zipanda, n'kuziboola, n'kumatapo kansalu koyera kamene kangaude amakutira nako mazira ake. Ukaimbiramo, mawu amatuluka onjenjemera ngati a lipenga lenileni.

Tikamati gule wa makolo athu, tizikumbukira zimenezi. Mapenenga alibe fuko limene linganene kuti linabadwa nawo. Ndi mwana wa Mswahili, wa msilikali wa Mjeremani ndi wa Mngerezi, woleredwa ndi Mnkhonde, ndipo abale ake azungulira nyanja yonse. Gulu lovina limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo ake: kingi, kaputeni, dokotala, namwino ndi ena otero. Akatswiri akhala akutsutsana ngati kumeneku kunali kunyoza azungu kapena kuwasirira. Ine ndimaona kuti munthu amene wasenza bokosi la zipolopolo kuchokera ku Karonga mpaka kukatikati kwa Tanganyika, anzake akufera m'njira, akabwerera n'kudzisokera yunifolomu yoyera kuposa ya bwanamkubwa, n'kudzipatsa yekha ukaputeni, wachita zonse ziwiri ndi chinanso chachitatu: walanda ulemu umene anamumana, ndipo waulanda pamaso pa akazi a m'mudzi mwake.

Nanga kugwirizanitsako kumabwera pati? Yankho loyamba lili m'thupi. William McNeill, wolemba mbiri wa ku America, atalowa usilikali mu 1941 anadabwa kuti kuguba kooneka kopanda pake kwa pa perete, dzuwa likuswa mtengo, kunkamupatsa chisangalalo chachilendo ndi kumva ngati iye ndi anzake asanduka thupi limodzi. Patapita zaka zoposa 50, mu 1995, analemba buku lonse pa nkhaniyi, kusonyeza kuti kuyenda, kuvina ndi kuimba pa kugunda kumodzi kwakhala kukumanga magulu a anthu kuyambira kalekale. Aliyense amene anapalasapo bwato ndi anzake, kapena kusinja awiriawiri pa mtondo umodzi, amadziwa zimenezi popanda buku. Phazi likamatera pamodzi ndi la mnzako kwa maola, kumukayikira kumayamba kuvuta.

Koma yankho limeneli ndi loperewera, ndipo anthu okonda kutamanda nyimbo amaimira pomwepa. Kugunda kumodzi kumamanga amene ali mumzere umodzi. Asilikali a Germany amene anaukira Karonga ankaguba mogwirizana, a King's African Rifles nawonso chimodzimodzi, ndipo kugwirizana kwa mbali iliyonse ndi kumene kunaithandiza kuwombera mbali inayo. Ng'oma imene imapanga "ife" imapanganso "iwo" nthawi yomweyo. Ngati mapenenga akanangokhala kuguba, bwenzi akungolimbitsa malire a midzi.

Chimene chimadumpha malire ndi chakuti gule ameneyu savinidwa payekha. Boma lovina limafuna boma lina loti lipikisane nalo, ndipo boma linalo liyenera kuitanidwa, kulandiridwa, kudyetsedwa ndi kugonekedwa. M'mphepete monse mwa nyanja, nyengo ya magule amenewa ndi chilimwe, anthu atakolola. Kalata imapita kumudzi wina, nthawi zina wakutali ndithu. Oitanawo amasonkha mpunga, nkhuku, mbuzi. Amayi amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kutereka miphika ikuluikulu, ndipo ku Karonga mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, sizilephera pa phwando lenileni. Alendo amagawidwa m'makomo. Pa bwalo pamakhala mpikisano woopsa: ndani wachapa bwino, ndani mzere wake sunapotoke, ng'oma ya ndani yamveka patali. Nthungululu za amayi ndi ndalama zofupa ovina ndizo zimagamula, ndipo ogonja amabwerera akukukuta mano. Koma amabwerera atadya nsima ya eni mudzi, atadziwa mayina a ana awo, mwina mnyamata wina ataponya diso pa mtsikana wa kumeneko. Ndipo amabwerera ndi ngongole, pakuti kupatsa n'kuika: chaka chamawa ndi iwo oitana.

Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mdzukulu wa Mhenga ndi mdzukulu wa Mnkhonde wa ku Kambwe sanafunike kukhala pansi n'kugwirizana za amene analakwa mu 1887. Mwina mpaka lero sangagwirizane. Gule anawapatsa njira yopikisanirana imene wogonja safa, ndi chifukwa chomveka choyenderana. Mkangano sunachotsedwe, unangosamutsidwa kuchoka pa mkondo kupita pa simbi yositira. Ndipo ntchito yaikulu yolumikiza midzi inkagwiridwa kunja kwa bwalo, kuseri kwa nyumba kumene kuli mafuwa, ndi anthu amene maso a oonerera sali pa iwo. Amayi ali ndi magule awo, ndolo ku Karonga ndi chiwoda kumunsi kwa nyanja, koma ngakhale pa tsiku la mapenenga, popanda mthiko wawo ulendo wonse ungathere panjira.

Clyde Mitchell anaona zofanana ndi zimenezi ku Luanshya, ndipo anazilemba mu 1956. Gulu la kalela limene anafufuza linali la Abisa, ovala mwaudongo, okhala ndi kingi, dokotala ndi namwino wawo. Nyimbo zawo sizinali zolalikira umodzi ayi. Zinkatamanda Abisa ndi kuseka mitundu ina ya pa mgodi, kadyedwe kawo ndi makhalidwe awo, ndipo osekedwawo ankabwera kudzaonerera n'kumaseka nawo. Ku Zambia chipongwe chololedwa choterechi amachitcha chimbuya, monga cha pakati pa Abemba ndi Angoni amene kale ankamenyana. Ku Tanzania amati utani. Ife tili nacho pa chisuweni. Mtundu umene ungathe kukunyoza mu nyimbo iwe n'kuseka ndi mtundu umene wasiya kuuopa. Kwa ine, nyimbo yotere imagwira ntchito yoposa nyimbo khumi za pa wailesi zolangiza kuti tonse ndife amodzi.

Njira yachiwiri inadzera m'tchalitchi, ndipo nayonso ili ndi chodabwitsa chake. Donald Fraser, m'busa wa Livingstonia amene anakhala pakati pa Angoni ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo m'malo momangomasulira za ku Scotland, ndipo pa misonkhano ikuluikulu ya pachaka pankakhala mpikisano wa nyimbo zatsopano. Anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatenga maimbidwe a Chingoni, ena mwa iwo a ku nkhondo ndi a pa bwalo la inkosi, n'kuikamo mawu a uthenga. Zambiri mwa nyimbozi zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu limene Sinodi ya Livingstonia imagwiritsa ntchito. Taganizani tsono: Mhenga wa ku Karonga, amene agogo ake anathawa Angoni, amaimirira Lamulungu m'mawa n'kuimba ndi mtima wonse maimbidwe amene agogo akewo akawamva ankathawira kuphiri. Pambali pake pali Mnkhonde, akuimba m'Chitumbuka chimene atate ake ankadandaula nacho.

Pa maliro ndi pamene zonsezi zimaonekera bwino. Kale, monga mmene Monica Wilson analembera za Anyakyusa ndi Ankhonde atafufuza pakati pawo m'ma 1930 pamodzi ndi mwamuna wake Godfrey, kuvina kwa pa maliro kunali kuvina kwa nkhondo, anyamata atagwira mikondo, ndipo sikunali kwachilendo kuti kuthere pa kubayana. Lero pa siwa pamakhala makwaya. Amayi a Umanyano, a Katolika, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekoste, amene Lamulungu kapena Loweruka amapemphera kosiyana ndipo mwina amanenana, amasinthana nyimbo usiku wonse mozungulira moto, gulu ili likatopa lina n'kulandira. Mpikisano ulipobe, aliyense amene anagonapo pa maliro amadziwa mmene kwaya imodzi imamvetserera inzake ndi khutu lofuna cholakwa. Koma woferedwa amagona atazunguliridwa ndi mawu mpaka tambala kulira, ndipo safunsa kuti woimbayo ndi wa mpingo uti.

Ng'oma ya indingala, imene kale inkalengeza imfa ndi zinthu zina zazikulu pakati pa Ankhonde, inakweranso mapiri n'kukabala gule wina ku Chitipa. Mwinoghe, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2018, amavinidwa ndi Asukwa, Andali ndi Abandya. Alibe mawu oimba: pali ng'oma zitatu, wenzulo ndi malamulo a mtsogoleri basi. M'boma la zilankhulo zambiri ngati Chitipa, gule wopanda mawu sakondera lilime la wina aliyense.

Tisadzinamize kuti ng'oma iliyonse imene yasonkhanitsa khamu yaligwirizanitsa. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994. M'zaka zonsezo amayi a ku Karonga, monga a maboma ena onse, ankakwezedwa malole kukavinira Ngwazi atavala nsalu ya nkhope yake. Woonera patali akanati dziko lonse lili pa mtima umodzi, pakuti mbumba ya ku Nsanje ndi ya ku Karonga inkazungulira bwalo limodzi. Koma kukana kuvina kunali mlandu, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chawo, pamene amayi awo ndi alongo awo ankaimbabe zotamanda. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, chigawo cha kumpoto chinavotera zipani zambiri mwaunyinji, ndipo zinaoneka kuti zaka zonse za kuvina pamodzi zija sizinamange kanthu pansi pa mtima. Panalibe woitana ndi woitanidwa, panalibe ngongole yobweza ulendo. Panali wolamula ndi olamulidwa. Lisa Gilman, amene anafufuzanso malipenga ku Nkhata Bay, anasonyeza m'buku lake la 2009 kuti chizolowezi chovinitsa amayi pa ndale sichinathe ndi chipani chimodzi, chinangosintha mtundu wa nsalu.

Ndipo nyimbo ikhoza kuchita choipa choposa apo. Dera la Karonga Central linafika popatsidwa dzina lakuti Benghazi chifukwa cha ziwawa za pa nthawi ya zisankho, ndipo amene anaonapo msonkhano wa kampeni kulikonse m'dziko muno amadziwa kuti miyala isanayambe kuuluka, pamayamba nyimbo yonyoza wa mbali ina. Kusiyana kwake ndi chipongwe cha kalela n'kwakuti wonyozedwayo sanaitanidwe ndipo sadzapatsidwa mpata woyankha. Ku Rwanda, nyimbo za Simon Bikindi zinkaulutsidwa pa wailesi ya RTLM m'nyengo ya kupululana ya 1994, ndipo mu 2008 khoti la ku Arusha linamugamula kukhala m'ndende zaka 15 pa mlandu wolimbikitsa anthu kupha anzawo.

Nkhani yokoma ya masiku ano ndi ya Lusubilo, liwu la Kyangonde lotanthauza chiyembekezo. Sisitere Beatrice Chipeta, wa chipani cha Rosarian, anayambitsa ntchito yosamalira ana amasiye ya dzina limeneli m'ma 1990, Edzi itasiya makomo ambiri opanda makolo, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Opus. Chaka chomwecho kunabwera mayi wa ku South Korea, Kim Chung-ja, amene Amalawi amamudziwa kuti Agnes Kim, katswiri woimba opera amene anaphunzira ndi kuimba ku Germany. Atapuma pa ntchito youphunzitsi kwawo, anadzakhala ku Karonga n'kutsegula sukulu ya zoimbaimba. Achinyamata a m'midzi anaphunzira kuwerenga manotsi, kuimba saxophone, lipenga, gitala ndi piyano, ena anatumizidwa kukaphunzira ku Korea, ndipo Lusubilo Band inapambana mpikisano wa Chibuku Road to Fame ndi kukaimba kunja, ikusakaniza maimbidwe a Chinkhonde ndi jazi. Sindilephera kumwetulira ndikaganiza kuti lipenga la mkuwa, limene agogo a m'mphepete mwa nyanja ankangolitsanzira ndi chipanda, linafika m'manja mwa adzukulu awo patapita zaka pafupifupi 100, kudzera mwa mayi wa ku Korea wophunzitsidwa m'dziko lomwe lija limene asilikali ake anawombera boma la Karonga. Chimene chinalumikiza mayiyo ndi anawo sichinali konsati ya tsiku limodzi. Anakhala nawo zaka, m'kutentha kwa Karonga kumene ngakhale ife eni dziko timakudandaula.

Malire a Songwe nawo ali ndi nyimbo zawo. Pamene maboma a Malawi ndi Tanzania anayambanso kukangana za umwini wa nyanja mu 2012, m'mabala ndi m'maminibasi a Karonga munkalirabe bongo flava ndi makwaya a Chiswahili, ndipo nyimbo za Rose Muhando zinkavinidwa pa maukwati ndi anthu amene sadziwa tanthauzo la mawu ake onse. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi: mabanja a Anyakyusa ali mbali zonse ziwiri za mtsinje umene umasuntha njira yake nyengo ya mvula, osafunsa aliyense za mapu. Pa mlatho womwewo pamadutsa othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi maiko ena, amene amayamba asungidwa pa Karonga asanatumizidwe ku Dzaleka m'boma la Dowa. Kumeneko, mu 2014, wolakatula ndakatulo wa ku Congo Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, chimene chimakokera Amalawi zikwizikwi mumsasa umene ambiri sakanaupondamo. Okonza ake anaganiza ngati akuluakulu a mapenenga: alendo ofuna atha kugona m'nyumba za othawa kwawo ndi kudya nawo. Komabe mu 2023 boma linagwira othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera kumsasa mokakamiza, ndipo ambiri mwa amene anavina nawo ku Tumaini sanatsegule pakamwa. Mphamvu ya ng'oma ili ndi polekezera.

Masiku ano mafumu ndi anthu a Karonga ndi Chitipa amakumana pa phiri la Mbande pa chikondwerero cha chikhalidwe chawo, ndipo ndi chinthu chosangalatsa kuona mapenenga, ndolo, indingala, mwinoghe ndi vimbuza pa bwalo limodzi, pamalo pamene Kyungu woyamba anakhazikitsa ufumu wake. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa boma, imene inatsegulidwa mu 2004 ndipo imaonetsa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, ndi mawailesi a m'deralo monga Tuntufye FM ya Dayosizi ya Karonga ndi Radio Dinosaur, zimathandiza kuti Kyangonde ndi nyimbo zake zimveke kumene kale sizinkamveka. Nkhawa yanga ili pa kachitidwe ka zikondwerero zoterezi m'dziko lonse lino. Gulu limabwera pa lole m'mawa, limadikira padzuwa kuti mlendo wolemekezeka afike, limapatsidwa mphindi zochepa pakati pa zolankhula ziwiri, woyendetsa mwambo n'kulidula ng'oma isanatenthe. Likatero limalandira kangachepe mu envelopu n'kukwera lole yomweyo dzuwa lisanalowe. Ovina a ku Wasambo ndi a ku Mwakaboko aonana, aomberana m'manja, koma palibe wagona kwa mnzake, ndipo palibe ali ndi ngongole kwa wina.

Kumudzi nako zinthu zavuta. Nsalu yoyera, masokosi ndi nsapato zakwera mtengo, mbuzi yodyetsa alendo makumi anayi si yopezeka wamba, ndipo anyamata amene akanalowa mumzere ali pa kabaza pa boma, ku migodi ya malasha, kapena anapita ku Joni. Pa ukwati ndi pa chinkhoswe, masipika awiri ndi foni imodzi zimagwira ntchito imene kale inkafuna mudzi wonse. M'mizere ya mapenenga imene ikadalipo, mitu ya imvi ikuchuluka, ndipo mukaona kamnyamata ka zaka khumi kali kumapeto kwa mzere, masokosi a agogo ake atakapinda kawiri kuti asagwe, dziwani kuti nthungululu zambiri za tsikulo zipita kwa iko.